Mainchesi Asanu ndi Awiri Amene Anasowa M'bokosi

Ukalaliki wa miyala ndinaupeza chifukwa cha dzanja langa. Ku Mua anatiphunzitsa kulemba bwino mochita kutikwapula, ndiye mzungu amene anabwera ndi makina oboola pansi kudzafuna malasha kwathu ku Mtakataka atafunsa za munthu wodziwa manambala, anthu analoza ine. Zinali zaka zoyamba za chitaganya, mitima ya anthu ili m'mwamba pa nkhani ya malo.

Ntchitoyo sinali yovuta. Makina akaboola mapazi khumi, antchito ankazula mapaipi n'kutulutsa mwala wautali wobulungira ngati nzimbe yonenepa. Ine ndinkautsuka n'kuyala zidutswa zake m'bokosi la mizere, kuyambira kumanzere, chochokera pamwamba poyamba. Kumapeto ndinkaika kathabwa kolembapo kuya kwake, kenako n'kuyeza ndi tepi, n'kulemba m'buku mtundu wa mwala ndi kutalika kwake. Mzunguyo ankabwera Lachisanu lokha. Lamulo lake linali loti mapaipi akalowa mapazi khumi, m'bokosi mupezekenso mapazi khumi, apo ayi kalaliki alembe zomwe zasowa.

Kapitawo wathu anali bambo wachisilamu wakugombe amene anagwirapo kumigodi ya malasha ku Wanki. Iyeyo ndiye anandidwalitsa mtima. Tikamapuma ankasimba mosatekeseka kuti kumene kwapezeka malasha anthu amasamutsidwa, minda ndi manda omwe kutsala m'kati mwa waya. Tsono dimba la mpunga la amayi anga linali pafupi, moti munthu akaitana ali pamakina iwo ankamva. Analisiyiridwa ndi amayi awo, ndipo ndi limene linkadyetsa iwo ndi alongo anga atatu. Usiku ndi usana ndinkaopa kuti dzanja langa lomweli ndi limene lidzalembe mawu owachotsa pamenepo.

Tsiku lina Lachitatu, madzi obwerera kuchokera m'dzenje, amene masiku onse ankatuluka otuwa, anada bii. Mapaipi atazulidwa ndinapeza pakati pa miyala yotuwa chidutswa chakuda, mainchesi asanu ndi awiri. Antchito atatembenukira kumakina ndinachiponya m'thumba la kabudula, n'kusendeza zinazo kuti mpata utsekeke. M'buku ndinalemba kuti mainchesiwo asowa chifukwa mwala unafumbutuka. Ndinadziona wochenjera kwabasi, ine mwana wa sukulu ya mishoni. Poweruka ndinachitaya m'chithaphwi, osayerekeza n'komwe kuchiyang'anitsitsa.

M'mawa mwake kapitawo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Akalaliki, madzi aja tinawaona tonse."

Masiku awiriwo sindinadye zomveka. Galimoto iliyonse yodutsa ndinkaiyesa ya apolisi.

Lachisanu mzungu anagwada pabokosi monga mwa chizolowezi chake, n'kumalumikiza zidutswa, kuzipotoza mpaka milomo yake igwirane. Atafika pampata paja zinakana. Anatulutsa kagalasi kake n'kuona kachizindikiro kakuda kumapeto kwa chidutswa china. Anafunsa kapitawo za madzi, ndipo womasulira ndinali ine ndemwe. Kapitawo ananena za madzi okha, za thumba langa sanatchule.

Ndinkadikira mbama kapena ndende, koma mzunguyo anandisisita paphewa. Anati ndine kalaliki wokhulupirika, ena akanabisa zosowazo. Anafotokoza kuti malasha ofewa amakonda kuphwanyika n'kupita ndi madzi, choncho mwala ukasowa pamene madzi ada, dzenjelo silinayankhe, pafunika lina. Iye anali atakonza kale zotseka pamenepo n'kusamukira ku Golomoti, koma tsopano sakanachoka asanaone mwalawo ndi maso ake. Anatenga kampasi n'kuyenda cha kumunsi, kumene anati miyala ikupendekera, ine ndili pambuyo ndi chikhomo ndi hamala. Anaima pakati pa dimba la amayi, mpunga utangoyamba kuweramitsa ngala, ndipo chikhomocho ndinakhoma ndine.

Anadula mitengo n'kuyala m'matope kuti lole ilowe. Anakumba dzenje losungira madzi, mafuta a makina n'kumayenderera m'mizere. Amayi ankaima pamphepete atagwira m'chiuno. Kwa masabata atatu ndinkayala miyala m'bokosi, kudikira chakuda chija.

Chinatuluka ndithu, chathunthu. Mzungu anachikanda ndi mpeni, anachiyesa kulemera m'dzanja, n'kuchiika pamoto wa sitovu yake. Sichinayake. Anaseka, nati ndi dongo louma lakuda chabe, ndipo chikanatuluka m'dzenje loyamba lija akanadziwa nthawi yomweyo osavutitsa aliyense. Patapita masiku awiri makina ananyamuka.

Chaka chimenecho sitinakolole kanthu, ndipo pamene panatayikira mafuta mpunga unakana kwa zaka zingapo. Alongo anga anakagwira ganyu youmitsa nsomba kugombe. Anthu m'mudzi ankandinena kuti ndine ndinalondolera azungu kudimba, koma amayi ankawakalipira poyera. Tsiku lina tikuzula mitengo ija m'matope anandiuza kuti, "Asiye alankhule, mwanangu. Ine ndikudziwa kuti ukanakhala ndi mphamvu, ukanawaletsa."

Ndinawerama n'kupitiriza kukumba. Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi zinayi akunditeteza choncho, ndipo sindinawauze.