Mutu Wanga Sunali wa Abambo

Fungo la masamba a bulugamu owiritsa limandibwezera ku nyengo yachisanu ya chaka chimene ndinkakonzekera kulandira Ukaristia koyamba. Tinkakhala m'munsi mwa Phiri la Dedza, kumene abambo ankacheka matabwa a paini. Nkhungu inkagona m'minda ya kachewere mpaka dzuwa litakwera, ndipo utuchi sunkachoka m'malaya mwa abambo.

Miyezi imeneyo iwo ankadwala mutu. Mphuno zinkatsekeka, mamina ankatuluka achikasu, ndipo akawerama kuti amange nsapato ankabuula, atagwira pachipumi ndi m'munsi mwa maso. Amayi ankawafunditsa bulangete pamwamba pa mphika wa bulugamu, ndipo ankatulukamo akupuma bwino.

Mutu wanga unali wina, ndipo unkabwera Lamulungu. Kwathu munthu sankalawa kanthu asanapite ku Misa. Tinkayenda ndi njala, n'kukagwada mu utsi wa lubani. Poyamba ndinkaona tinyenyezi tikuthwanima m'mbali mwa diso, kenako mbali imodzi ya mutu inkagunda ngati mukusinjidwa chimanga, mseru n'kutsatira. Mphuno zanga zinali zouma. Ndinkangofuna mdima ndi bata.

"Ndi mutu wa abambo akowu," ankatero amayi. "Lowa."

Ankakhalira m'mphepete mwa bulangete kuti ndisathawe. Mkatimo nthunzi inkalasa m'maso, mpweya unkachepa, thukuta likudonthera mumphika.

"Amayi, ukuwonjezeka!"

"Ndiye kuti ukutuluka. Abambo ako salira, iwe ndiwe yani?"

Akatekisiti anali atatichenjeza kuti mwana amene akusanza sangalandire Thupi la Ambuye. Tsikulo litafika ndinavala diresi yoyera imene amayi anasoka pamanja, m'mimba mulibe kanthu kuyambira dzulo lake. Lubani anafukizidwa wochuluka kuposa masiku onse. Anatikhazika pabenchi lakutsogolo, anzanga atandipanikiza uku ndi uku, khomo lili kutali, kumbuyo kwa mpingo wonse. Tinyenyezi tinayamba ulaliki usanathe. Ndinakukuta mano, ndinameza malovu, ndinapemphera kuti tizime. Pamene mzere wa anzanga unkanyamuka kupita kuguwa, ine ndinali kuseri kwa tchalitchi, mayi wina wosamudziwa atandigwira pachipumi. Ndinadikira chaka china.

Ndili ku koleji ya zauphunzitsi, dokotala anandifunsa nthawi imene mutuwo umayamba ndi zimene ndimakhala nditadya. Anandifotokozera kuti wa abambo unali wa mphuno zotupa mkati, zimene utuchi ndi chisanu zinkaputa, pamene wanga unali waching'alang'ala, umene umadzutsidwa ndi njala, fungo lamphamvu ndi kutentha.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti Mulungu anaona choipa china mwa ine, n'kunditulutsa m'nyumba mwake pamaso pa anthu. Lero ndikudziwa kuti chinkasowa chinali kapu ya phala m'mawa. Amayi akanandipatsa ndi manja awiri, koma ankandimana chifukwa ankandifunira kumwamba.