Dzinja Limene Tinawotcha Vidiyo ya a Fanuel

Fungo la pulasitiki ikamapsa limandibwezera ku malaini a esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene ndinakulira. Munthu akangoponya botolo pamoto, ine ndimadzuka n'kukakhala patali, ndipo anzanga amaganiza kuti ndi chifuwa. Koma dzinja limene ndikufuna kunenali silinayambe ndi fungo limenelo. Linayamba ndi fungo la tiyi wamuwisi lochokera ku fakitale, lija limamveka ngati udzu womweta kumene, litasakanikirana ndi utsi wa jenereta ya a Fanuel. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, ndipo mbiri yanga ya ndewu inali itafika kale mpaka ku malaini a kumtunda.

Mvula ikagwa tiyi amaphuka ngati wapenga. Amayi ankadzuka kusanayere, n'kudzimanga pepala la pulasitiki m'chiuno kuti mame asawanyowetse, dengu lili kumsana. Ankabwerako madzulo zala zitada bii, akununkha masamba. Bambo anali atapita ku Joni ine ndili wamng'ono, ndipo za iwo sitinkazikamba. Masana ndinkatsala ndi poto wa nyemba za kalongonda amene amayi anaphika dzulo lake, ndi nthochi ziwiri zitatu. Nyumba za ku malaini zinali zofanana zonse, zitseko zobiriwira, matope ofiira mpaka pakhonde. Malo okhawo amene anali osiyana ndi ena anali kumapeto kwa laini yathu, kuseri kwa golosale, kumene a Fanuel ankaonetsa vidiyo.

Kanali kanyumba ka malata, mazenera ake otsekedwa ndi masaka akale a tiyi, moti ngakhale dzuwa lili paliwombo m'katimo munali mdima. A Fanuel anali achialubino. Dzuwa linkawawotcha khungu mpaka matuza, n'chifukwa chake ntchito ya m'munda sakanaitha. Akatuluka ankavala chipewa chachikulu, magalasi akuda ndi shati yamanja aatali, ndipo ankanunkhira mafuta oyera amene ankakatenga mwezi ndi mwezi ku chipatala cha mishoni. Anthu ankawapatsa moni mwaulemu, koma akapitirira ankawatchula mayina ena amene sindiwalemba pano. Maso awo sankaona patali. Ife ankatidziwa ndi mawu. Ukangotsokomola pakhomo, iwo ali kutsogolo uko amvekere, "Yohane, lowa, koma zibakera zako uzisiye panja."

Mavidiyo ena a pamsika ankaonetsa mafilimu a karate ndi a nkhondo, aja amabwera atathiridwa kale Chichewa. A Fanuel ankakana zimenezo. Iwo ankakonda mafilimu oopsa, ndipo ankamasulira okha ndi pakamwa, atakhala pampando pafupi ndi sikirini, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Anali ndi katoni ya madisiki amene anawasanja kuyambira akale mpaka atsopano. Dzinja limenelo anatiuza kuti Lamlungu lililonse masana, anthu akachoka ku tchalitchi, tidzionera imodzi imodzi motsatira zaka zake. Ankati ndi sukulu ya mantha. Ndisaname, imeneyo ndi sukulu yokhayo imene sindinathaweko ndekha.

Tinayamba ndi zakale kwambiri, zopangidwa kunja agogo athu asanabadwe. Zinalibe mtundu, zinalibenso mawu. Anthu ake anali ndi nkhope zopakidwa zoyera, maso akuda, ndipo akafuna kulankhula pankabwera zolemba. Tinaseka, ena mpaka kufuna kutuluka. Koma a Fanuel anatsitsa mawu, mvula inayamba kuwaza pamalata, ndipo chithunzithunzi chitayamba kuyenda pakhoma la mufilimumo benchi yonse inangoti zii. Anatiuza kuti anthu a nthawi imeneyo analibe china chotiwopsezera nacho koma mdima ndi nyali. Sabata yotsatira zinabwera za mawu. Chitseko chinalira, mayi wina anakuwa, ndipo ana a kutsogolo anathawira kumbuyo.

Mu imodzi mwa zimenezo munali munthu wotuwa, wokhala m'chinyumba cha pamwamba pa phiri, woopa dzuwa, wokhalira moyo magazi a anthu. A Fanuel anaima pang'ono, akufunafuna mawu a Chichewa omutchulira. Kenako anaseka n'kunena kuti, "Kwathu kuno tingoti ndi namapopa uyu, eti?" Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Mawuwo tonse tinkawadziwa. Akuluakulu ankanena za anamapopa, anthu amene akuti amayenda ndi timapaipi kupopa magazi a anzawo. Kuyambira tsiku limenelo, munthu wotuwa uja akangotulukira pasikirini, tonse tinkakuwa limodzi, "Namapopa uyo!"

Masabata anapita. Tinaona za zilombo zikuluzikulu zogwetsa nyumba, ndipo a Fanuel anati zimenezo zinapangidwa nkhondo yaikulu itatha, anthu akuopa mabomba. Tinaona zoyamba kukhala ndi mtundu, magazi ofiira psuu, atsikana n'kumabisa nkhope m'zitenje. Kenako choopsa chija chinasiya kukhala chilombo, chinakhala munthu wamba wa nyumba yoyandikana nayo, ali ndi mpeni. Pomaliza zinabwera za ku Nigeria, za asing'anga ndi azakhali olodza ana a abale awo. Zimenezo ndiye ngakhale amayi a ku malaini ankabwera kudzaona, chifukwa nyumba zake, mabigiri ake ndi nkhuku zake zinali ngati zathu zomwe.

"Mwaona mmene chikuyendera chinthuchi?" anatifunsa tsiku lina akusintha disiki. "Chinayambira kuphiri kutali. Chinabwera m'tauni. Chinalowa kwa neba. Pano chili m'nyumba mwako, ukudya nacho mbale imodzi." Ife tinkangofuna kuti aike filimu msanga. Panalinso china chimene ankakonda kuchita chomwe chinkatikwiyitsa. M'mafilimu akale aja, kumapeto anthu a m'mudzi ankatenga miyuni ndi zibonga kuthamangitsa chilombo, ndipo ife tinkaimirira pamabenchi kuwachemerera. Pamenepo a Fanuel ankaimitsa filimu. "Taonani nkhope za anthuwa kaye," ankatero. Ife tinkakuwa kuti apitirize.

Tsiku limene zinthu zinalakwika kunali dzuwa lowala pambuyo pa mvula ya masiku atatu. Anabwereza filimu ya namapopa ija chifukwa anthu anaipempha. Pena pake dzanja linatulukira mwadzidzidzi, ndipo ine ndinakuwa kuti "Mayo ine!" n'kugwa chagada kuchoka pabenchi. Dyson, mnyamata wa m'kalasi mwathu amene ndinali nditamumenyapo kawiri, anaseka mpaka kutsokomola. "Shasha ya ndewu ikuitana amayi ake! Akakuyamwitse, aise!" Atsikana anaseka nawo. Ndinatola thabwa limene linali lochirikizira benchi n'kumumenya nalo pakamwa. Dzino linagwa. Pogwa iye anakoka waya, sikirini inazima.

A Fanuel anandigwira mkono mumdima momwemo, osaphonya, n'kundikokera panja. Chifukwa cha changu anaiwala chipewa ndi magalasi. Dzuwa litawamenya kumaso anatsinzina, n'kubwerera m'mbuyo pakhomo dzanja lili pachipumi. Sanandikalipire. Anangoti, "Kuopa si mlandu, Yohane. Tonse timabwerera zomwezo muno. Koma kuno usapondeko mpaka nyengo yothyola tiyi itatha." Anthu onse anali atatuluka kudzaonerera. Akanandimenya bwenzi nditaiwala tsiku lomwelo. Koma kundithamangitsa pamaso pa Dyson, iye akulavula magazi uku akumwetulira, zinandiwawa sabata yonse.

Ndi masiku omwewo pamene mphekesera za anamapopa zinafika ku esiteti. Zinkabwera ndi anthu ochokera kumsika. Wina akuti mayi wa mudzi wakuti anadzuka wofooka, wina akuti anaona galimoto yachilendo itaima m'tiyi. Palibe amene anaona ndi maso ake, koma aliyense anali ndi mlamu wake amene anaona. Azimayi anayamba kumathyola tiyi moyandikana, osafuna kutsala okha kumapeto kwa mzere. Alonda ankayenda ndi zikwanje masanasana.

Lachinayi ndinapititsira amayi chinangwa chophika ku shedi yoyezera tiyi. Anthu anali pamzere wa sikelo, madengu ali pansi, nkhani ili yomweyo. Bambo wina anafunsa kuti kodi namapopayo munthu angamudziwe bwanji. Sindinakonzekere. Mawu anangotuluka okha, ndipo anatuluka mokoma.

"Ine ndikumudziwa. Ndi wotuwa, amaopa dzuwa, amakhala mumdima. Anatiuza okha a Fanuel. Nanga iwowo mwezi ndi mwezi amakasiya chiyani ku chipatala ndi chikwama chawo? Kapaipi ndinakaona ine, kali kuseri kwa sikirini."

Kapaipiko kanalipodi. Kanali kopopera petulo kuchoka m'chigubu kupita mu jenereta, ndipo ndinali nditawaonapo akukagwiritsa ntchito kambirimbiri. Zimenezo sindinanene. Mzere wonse unandiyang'ana, akuluakulu a ndevu zawo akumvetsera ine mwana. Amayi anandikoka khutu n'kunditukwana mu Chilomwe, zimene ankachita akakwiya kwenikweni basi. Koma mawu anali atapita kale. Pofika Loweruka, mayi wina amene sindinkamudziwa n'komwe anandiuza ine ndemwe pa mjigo kuti kwa a Fanuel apezako mabotolo a magazi.

Anabwera Lamlungu masana, nthawi ya sukulu ya mantha. Ndinamva phokoso ndili pakhonde, ndinathamangira kumeneko. Anali anthu a ku malaini kwathu ndi ena a m'midzi yozungulira, ena akadali m'zovala za ku tchalitchi. Ndinaona bambo amene ankakhala benchi yakutsogolo pa mafilimu a ku Nigeria atanyamula khasu. Anathyola chitseko, n'kung'amba masaka a m'mazenera. Kwa nthawi yoyamba dzuwa linalowa m'kanyumba kaja, ndipo ndinadabwa kuona kuti kanali kakang'ono chotero. Munali mabenchi asanu ndi limodzi, mphasa yopinda pakona, kapu ndi mswachi. Wina anatuluka ndi kapaipi kaja atakakweza m'mwamba, anthu n'kukuwa. Kankanunkha petulo mpaka pamene ndinaima ine.

A Fanuel sanawapeze. Ndinamva pambuyo pake kuti amayi anga anakagogoda kwa akapitawo a pa esiteti m'mawa wa tsiku limenelo, ndipo akapitawowo anawagoneka a Fanuel m'ngolo ya thirakitala, n'kuwafunditsa masaka mpaka kukafika kumsewu waukulu. Atasowa munthu, anthu anatulutsa sikirini, jenereta ndi katoni ya madisiki n'kuziwunjika pabwalo. Petulo anali pomwepo. Madisiki ankapindika pamoto ngati masamba ofota, utsi wake wakuda, wowawa m'maso. Anthu ankachemerera. Ine ndinayang'ana nkhope zawo, moto ukuwala pamasaya pawo, ndipo ndinazindikira kuti ndinaziwonapo kale penapake. Panalibe woti aimitse filimu.

Amayi sanandimenye. Madzulo anandipakulira chakudya monga mwa masiku onse, n'kukhala chondifulatira. Patapita nthawi anati, "Munthu uja anakugwira dzanja tsiku limene unkaphunzira kuyenda." Tiyi anatha, mphekesera zinazilala ngati sizinakhaleko, ndipo anthu omwe aja anayamba kudandaula kuti Lamlungu kulibe kopita. Palibe amene anandilozapo chala. Chaka chotsatira ndinamenyana ndi aphunzitsi ndipo sukulu inathera pomwepo.

Pano ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Chaka chatha ndinanyamula mayi wina kupita naye ku Thekerani, ndipo anandipempha kuti tiime pa benchi ya wokonza mafoni. Pansi pa ambulera yaikulu panali chipewa chija. A Fanuel anali atawerama, foni ili pafupi ndi mphuno, pakhutu pali bandeji. Pambali pawo panakhala ana atatu akuonera kanthu pa kasikirini ka foni, iwo akuwamasulira uku akugwira ntchito. Atamva injini anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumene ndinali, maso akuphethiraphethira.

"Akabaza, zimitsani njingayo, mukutisokonezera filimu. Mwachokera kuti ndi matope onsewa?"

Ndinazimitsa. Ndinali nditakonza mawu kwa zaka zambiri, usiku ndi usana, koma ndinadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa andizindikira. Ndinakhala pa njinga, chipewa cha kabaza chili kumutu, n'kuloza chakumpoto ngati wosalankhula. Mayi uja atamaliza, tinanyamuka.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti sukulu ya mantha ija inali yotiphunzitsa mmene tingadziwire chilombo, khungu lake ndi zimene chimaopa. Ndinkaganizanso kuti a Fanuel ankaimitsa filimu pofuna kutizunza. Pano ndikuona kuti munthu amene wakhala moyo wake wonse akutchulidwa mayina kumbuyo ankadziwa bwino mbali imene anthu a miyuni adzamuike, ndipo ankangotipempha kuti tiziyang'ana kaye. Anati chinthucho chimabwera chikuyandikira, mpaka kudya nacho mbale imodzi. Ine ndinkachiyembekezera kuchokera kuphiri. Msewu wa ku Thekerani ndimaudziwa, ndipo petulo wokafikira kumeneko sindimusowa. Chimene sindinachipezebe ndi mtima woti ndikaime kutsogolo kwa benchi ija n'kutsokomola.