Ndowa ya Madeya Imene Ndinapatsa Hatchi Yathu

Amene anayamba kundiuza anali achemwali a nyumba yoyandikana nafe, mayi wachisilamu amene timagulitsira limodzi usipa. Anandipeza pathandala ndikutembenuza nsomba, dzuwa lili paliwombo, iwo ali wefuwefu, mpango utagwera m'khosi.

"Achemwali, siyani usipawo! Wallahi, hatchi yanu ikudzigubuduza m'khola ngati yalowedwa ziwanda."

Ndifotokoze kaye kuti ife, anthu wamba a ku Senga Bay, tinapezeka bwanji ndi hatchi. Bambo a kunyumba anagwira ntchito zaka zambiri pa loji ina, kusamala mahatchi amene alendo ankakwera m'mbali mwa nyanja. Mwini lojiyo pobwerera kwawo anagulitsa onse kupatula imodzi yokalamba, yofiirira, ya banga loyera pamphumi. Imeneyo anapatsa bambo ngati zikomo wake. Ine ndinagwada kuthokoza Mulungu, chifukwa chifuwa chinawaletsa kale bambo kupita panyanja. Loweruka ndi Lamlungu alendo ankakwezapo ana awo n'kumajambulitsa, ife n'kumadya, ana athu atatu n'kumapita kusukulu. Munda wathu unali hatchiyo basi.

Sabata imene izi zinachitika, bambo anapita kumaliro a malume awo ku Chitala. Ponyamuka anandilangiza kawiri konse: "Amake mwana, udzu ndi madzi zisasowe. Madeya kachitini kamodzi basi, ouma."

Mumtima ndinati abambowa ndiye kuumira. Inali nyengo yotentha, udzu utauma, nthiti za hatchi zikuwerengeka. Kwathu kumene ndinakulira, nkhumba ikaonda timaviika madeya m'madzi masiku awiri kuti asase, n'kuipatsa idye mpaka isiye yokha. Ndinachita chomwecho. Tsiku lachitatu m'mawa ndinaiikira ndowa yodzaza. Inadya mokondwa, n'kumandinunkhiza paphewa. Ndinapita kuthandala ndikuimba nyimbo ya kukwaya, ndikuti bambo adzaipeza itanona.

Nditafika kukhola ndi achemwali aja, ndinapeza hatchi ili pansi. Inali gone chammbali, thukuta lili noninoni, mimba itatupa, ikuponda mitengo ya khola ndi miyendo yakumbuyo. Ndinaimbira bambo foni.

"Mwaipatsa chiyani?" anafunsa.

Ndinawauza. Pafoni ndinkamva amayi akuimba pamaliro.

"Ndowa yonse? Amake mwana, hatchi si nkhumba. Hatchi sisanza. Chimene chalowa sichibwerera."

Sakanasiya maliro asanaike. Anandipatsa nambala ya mayi wina wa ku Lilongwe amene amaweta mahatchi. Oweta mahatchi kuno ndi ochepa, amadziwana onse ndipo amathandizana pafoni. Mayiyo sanandikalipire. Anati, "Amayi, musalole kuti igone, matumbo angapotane. Idzutseni, muziyenda nayo pang'onopang'ono. Osaipatsa chakudya. Ikachita ndowe mundiimbire." Dokotala wodziwa mahatchi anali kutali, anati afika mawa lake.

Ine ndimadziwa kuti wodwala amagona. Koma ndinakoka chingwe, achemwali akukankha kumbuyo.

"Dzuka, iwe gogo!" ankatero. "Ine mwamuna wanga sindinamukankhepo chonchi!"

Inadzuka. Tinayamba kuyenda nayo pamchenga wotentha, kuchoka pakhola kufika pamtengo wa mango, kubwereranso. Ikafuna kupinda mawondo ndinkalira, "Ayi, ayi, mwana wanga, usanditero." Asodzi amene ankasoka maukonde pamthunzi anayamba kuseka.

"Amayi, njinga yanu yatha mafuta kodi?"

"Mukanakhala amuna mukanadzagwira chingwe!" anayankha achemwali. Awiri anachita manyazi, anabwera kudzaichirikiza uku ndi uku.

Mapazi anga anatuluka matuza, koma sindinamve. Ndinkangowerenga ana anga mumtima, woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndi chifuwa cha bambo awo. Ndinapemphera mokweza, anthu akumva: "Ambuye, chibadwire sindinakupempheni ndowe. Lero ndikupempha ndowe. Ndalakwa ndine, musalange ana." Achemwali nawo ankanong'ona mapemphero awo m'Chiarabu.

Cha m'ma folo inaima, n'kukweza mchira. Achemwali anafuula "Alhamdulillah!" n'kululutira ngati pa ukwati. Ine ndinangokhala pamchenga pomwepo kulira. Ndinayesa kuti zatha.

M'mawa mwake bambo anafika pa kabaza, dokotala naye anafika. Tinapeza hatchi itaima modabwitsa, miyendo yakutsogolo itatambasulira kutsogolo, thupi litatsamira kumbuyo, ikukana kusuntha. Dokotala anandigwiritsa chiboda. Chinali chotentha ngati mwala wa padzuwa. Anati madeya aja anaola m'mimba, ululu wake watsikira ku ziboda. Hatchi zina zimachira, zina sizichira, ndipo imene yalephera kuima amaipha kuti isazunzike. Anaibaya jakisoni, n'kuloza kunyanja: "Mankhwala ena ndi awo. Muziyiimika m'madzi ozizira."

Ndimayembekeza kuti bambo andikalipira, mwinanso kundibweza kwathu. Anangotenga ndowa ija, kuitsuka, n'kunena kuti, "Munaichitira chifundo. Ndikanakuuzani chifukwa chake, osati kachitini kokha." Mawu amenewo amandipweteka kuposa mbama.

Pano patha masabata asanu ndi limodzi. M'mawa uliwonse timatsika nayo pang'onopang'ono, n'kuima m'madzi ofika m'mawondo, bambo akutsokomola mbali iyi, ine nditagwira chingwe mbali inayo. Mayi a ku Lilongwe aja anatitumizira mankhwala pa minibasi, Mulungu awadalitse. Achemwali amatigawira usipa osatiuza kuti akutigawira. Alendo akafunsa, bambo amati hatchi ili pa tchuthi. Sinakwezenso munthu. Dzulo inayenda yokha mpaka pamtengo wa mango, lero yakana kutuluka m'khola, ndipo dokotala akuti akabweranso adzatiuza zoona zake.

Inu amene mwawerenga izi, mukagwada musatiiwale: bambo ndi chifuwa chawo, ana atatu, ine wolakwa, ndi nyama yosalakwa imene imandinunkhizabe paphewa ndikafika kukhola.