Azakhali Amene Sankanena Kuti Apsa

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anakalambira m'chipinda chositira zovala kuseri kwa hotela ina. Ndikawakumbukira m'masiku amenewo, nkhope sindiiona bwino. Ndimangoona nthunzi, nsalu za pabedi zoyera mbee zili lende pa zingwe, ndi mkono umodzi ukupita uku ndi uku ngati ukusisita mwana kumsana. Ankayesa simbi ponyowetsa chala ndi malovu n'kuigunda kunsi, ikati tsii, basi ntchito yayamba.

M'chipindamo munali lamulo lomwe aliyense ankalidziwa: wosita sanena kuti kwatentha. Wobwera kumene akangoti "mayo, ndapsa," anzake ankamuseka mpaka kumupatsa dzina, bwana nayenso n'kuyamba kumuyang'ana ndi diso loipa. Pa kupirirako azakhali anali katswiri. Mikono yawo inali zipsera zokhazokha, koma palibe anawamvapo akubuula. Zina zonse pakamwa pawo pankatuluka: nyimbo, miseche, kunyogodola makolala akuda a mabwana onunkhira mafuta. Munthu ukakhala nawo sunkafuna wailesi.

Ndiye kunabwera kachilonda m'mbali mwa lilime, kosapola. Anakabisa, monga mwa chikhalidwe chawo, mpaka ife tinadabwa kuti nyimbo zija zapita kuti. Kuchipatala anati ndi khansa ya m'kamwa. Adokotala, mayi wamtali wolankhula modekha, anatifotokozera kuti ayamba ndi cheza, kuwala kwamphamvu kopha khansa, ndipo akatuluka ku chezako aziwatenthetsa malowo ndi makina, poti chotupa chikafunda chimafooka, cheza n'kuchigwira bwino. Chikachepa adzangodulako pang'ono. Chikakana, mbali yaikulu ya lilime ipita, ndi mawu omwe.

"Koma pali chimodzi, mayi," anatero adokotala. "Makinawa amayeza kutentha, koma sayeza paliponse. Pakayamba kuwotcha, kwezani dzanja tichepetse."

Azakhali anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Ine ndi moto tinakwatirana kalekale, adokotala."

Woperekeza ndinali ine, ndipo ndinkawaonera pa galasi. Ankagona chagada, thumba lofewa la madzi litawakuta tsaya ndi kunsi kwa chibwano, makina akulira chapansipansi. Maso ankatsekeka okha. Potuluka ankandiuza maloto awo. Akuti iwo ndi amene anasanduka nsalu, wina wa manja ofatsa akuwasita kuyambira kumutu, makwinya onse akuwongoka. Tsiku lina analota nsalu zonse zimene anasitapo zikuuluka pamwamba pa denga la chipatala, iwo akuzizindikira imodziimodzi, iyi ya chipinda chapamwamba, iyi yong'ambika pakona. Ndinkakonda kumva zimenezi, mwakuti sindinafunse za dzanja lija, lomwe linkangogona phee pambali pawo.

Anamwino ndi amene anapeza matuza kunsi kwa chibwano. Adokotala sanakalipe. Anangoti kutenthetsa kuima kaye mpaka khungu lipole, ndipo azakhali akabisanso asiyiratu, poti sangawotche munthu wosanena. Chotupa chokha ndi chomwe sichikanaima kudikira.

Wokalipa ndinali ine, pa benchi ya panja, anthu akudutsa. Mantha ndi amene ankandilankhulitsa.

"Azakhali, mukufuna akuduleni lilime chifukwa cha matama a kositira? Kuno kulibe wokusekani."

"Iwe, wabadwa ndikuona, lero undiphunzitse za moto?" Kenako anatsitsa mawu. "Kumva ndinkamva ndithu. Koma ndikati ndikweze, mkonowu sukudziwa njira."

Khungu litapola tinabwerera. Makina anayamba kulira, azakhali n'kutseka maso, ine chipumi pa galasi. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. M'chipinda chimenecho ngakhale wotchi inkaoneka ngati ikuwodzera. Ndinaona zala zawo zikufinya nsalu, kuisiya, kuifinyanso. Kenako dzanja linadzuka, pang'ono chabe. Anamwino anadina batani n'kusunthako thumba lija.

"Zikomo mayi, mwachita bwino. Pano bwanji?"

Dzanja linatsika, ndipo azakhali anapitiriza tulo tawo.

Chotupa chinachepa. Anadulako kachidutswa, ndipo lero mawu ena amatuluka opindika, koma azakhali amalankhula. Ine chimene sindiiwala ndi ulendo wobwerera kunyumba tsiku lokweza dzanjalo. Tinali m'basi, dzuwa likuwomba pa mawondo athu, iwo akuyang'ana pawindo.

"Iwe," anatero osandicheukira, "ndiye kuti munthu umangonena kuti zikupweteka, winayo n'kusiya?"

"Eya, azakhali."

"Osakuseka?"

"Osakusekani."

Basi inaima, anthu anatsika, ena n'kukwera. Azakhali anatenga dzanja langa n'kuliika m'chiuno mwawo, chakumsana.

"Apapa," anatero. "Panayamba kuwawa bambo ako asanakwatire."