Njerwa Zinadya Matondo Anga

Ndinaganiza zochoka tsiku limene anandibwezanso kusukulu chifukwa cha fizi. Ndinali Fomu 2. Sindinalire ndipo sindinachonderere munthu. Ndinagulitsa njinga ya malemu bambo pa Mauwa n'kulipira munthu wodutsitsa anthu ku Joni. Amayi anangoti, "Lino, ukakhale munthu kumeneko." Ngati kuno ndinali galu.

Ku Joni kwenikweniko sindinafike. Ananditsitsa ku Limpopo, pa famu ina yokhala ndi chishedi cha malata. Ntchito yake inali yofinya mbozi. Kumeneko amati masonja, koma ndi matondo omwewa, kungoti ndi onenepa komanso aminga. Ndinaseka mpaka kapitawo anandiyang'anitsitsa. Kubisala konse kuja pansi pa lona pamalire, n'kudzagwira ntchito imene amayi anandiphunzitsa ndisanayambe n'komwe sukulu!

Kwathu, kuseri kwa nyumba ya amayi, kunali kankhalango ka mitondo. Mvula ikagwa, matondo ankadzaza m'masamba mpaka kumamveka akudya. Amayi anali ndi lamulo limodzi: "Nthambi musathyole, ndipo otsikira pansiwo musatole. Akukalowa m'nthaka, ndiwo mbewu ya chaka chamawa." Ndikatenga ena okazinga kusukulu, anzanga ankagwira mphuno. "Mlomwe wabwera ndi mbozi zake!" Ndinkadyera kuseri kwa chimbudzi.

M'shedi muja ndinaona mbozi zomwezo zikupatsidwa ulemu. Umaigwira kumutu n'kuifinya ndi zala mpaka matumbo obiriwira atuluke kumchira. Kenako kutsuka, kuwiritsa m'migolo ya madzi amchere, kuyanika pa mathandala a waya. Zina tinkagaya ufa, zina tinkaika zathunthu m'mapaketi onyezimira opita m'masitolo a m'tauni. Mtengo wa paketi imodzi nditaumva ndinatukwana. Ulemuwo unali wa mbozi, osati wa ife. Minga inkalowa m'zikhadabo, zala zinada n'kutupa, moti kumanga batani la malaya inali nkhondo. Magolovesi ankavala kapitawo, amene sankakhudza mbozi.

Tinkagona anthu ambiri m'chipinda chimodzi, koma Lamulungu ndinkatha kulowetsa dzuwa osayankhula ndi munthu. Lamya ikalira ndinkathamangira ngati chitsiru. Achemwali anga a Agata ankayamba bwino: "Moni achimwene." Mzere wachiwiri wa uthengawo ndinkaudziwa kale: za nyumba imene ndinkamangitsa kwathu. Simenti yatha. Mmisiri akufuna zake. Malata akwera. Zoti zala zanga zili bwanji, palibe anafunsa.

Ndinkatumizabe, chifukwa ndinali ndi cholinga. Ndinkati ndimange nyumba kwathu, ndibwerere, ndizichita ndekha zimene ndinkachitira mwini famu: kutola matondo m'mitondo yathu, kufinya, kuyanika, kugaya, kugulitsa ku Limbe. Ntchitoyo ndinaidziwa yonse, chinatsala ndi mitengo, ndipo mitengo ndinali nayo. Ndinawauza atsibweni, mlongo wa amayi amene ankayang'anira zomangazo, kuti mitondo ija aisamale. "Usade nkhawa iwe," anatero. "Mitengo imathawa?"

Nditabwerera ndinatsika pa Mauwa n'kukwera kabaza. M'chikwama munali kachigayo kopukusa ndi manja ndi paketi imodzi ya masonja ya amayi. Nyumbayo ndinaiona ndili kutali, malata akung'anima. Ndinakondwa. Kenako ndinakumbukira: kale mudzi wathu sunkaoneka uli pamsewu. Mitengo inkaubisa.

Sindinalowe m'nyumba. Ndinapita kuseri. Zitsa zokhazokha, ndi mulu wa phulusa pamene panali uvuni wa njerwa. Mbuzi ya munthu wina inamangiriridwa pa chitsa cha mtondo waukulu uja.

"Atsibweni, mitengo ili kuti?"

"Imeneyo," anatero akuloza khoma la nyumba. "Iwe umafuna njerwa zootcha. Ukuganiza kuti njerwa amaotcha ndi malovu?"

"Ndinatumiza ndalama ya nkhuni."

"Nkhuni zogula kuli zaulere pakhomo? Sukulu unaisiyadi msanga iwe."

Alamu anga, amuna a achemwali, anaseka ali pakhonde, atakhala pampando, wailesi ili pamwendo. Apo m'pamene ndinaona makatani m'mawindo, matewera pa chingwe, nsapato zawo pakhomo. A Agata anatuluka akupukuta manja.

"Takulandirani achimwene. Takukonzerani m'nyumba yakale ya amayi."

"Nanga iyi?"

"Iii, achimwene, mwaiwala? Malo ano ndi athu akazi. Mwamuna amakamanga kwa mkazi wake. Mukakwatira mudzapita, ndiye nyumba idzikhala yopanda munthu?"

Sanalakwitse mwambo. Kwathu zilidi choncho, ndipo ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Koma mwambowo sanautchule pamene ankalemba za simenti.

Ndinayenda m'midzi yoyandikira mpaka ku Nchema kufunafuna mitondo. Kulikonse nkhani ndi imodzi: khomo lililonse lili ndi mwana ku Joni, mwana aliyense akufuna nyumba ya njerwa zootcha, ndipo uvuni uliwonse wadya mitengo. Pamsika ndiwo yotsika mtengo ndi soya wa m'mapaketi. Mnzanga wina amene ankandiseka kusukulu anandipeza pamenepo n'kunena kuti wamva pa wailesi kuti mbozi n'zopatsa thanzi, tiyambe bizinesi. Ndinamufunsa ngati mbozi zimadya malata.

Kachigayo kaja sindinakatulutse m'chikwama. Paketi ija ndinawapatsa amayi. Anaikazinga ndi tomato, ndipo banja lonse linabwera, atsibweni ndi alamu omwe. Ankalimbirana ngati ana. Ine sindinadye. Ndinkangoyang'ana zala zanga, zimene mpaka lero sizinayere.

Amayi anatola mbozi yomaliza, anaitembenuza, n'kuitafuna pang'onopang'ono.

"Kukoma ngati athu aja," anatero. "Kodi kumeneko mitengo sadula?"

"Sadula, amayi."

"Ndiye ukabwererako uzititumizira."

Onse anavomereza ndi mitu. Ndinali ndisanathe sabata pakhomo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaganiza kuti ndabwera kudzakhala.