Mitondo Iwiri ya Wokonza Mafoni

Mnansi wanga amakonza mafoni pa Kachulu, pansi pa ambulera yong'ambika, sikuludiraiva atapanira kukhutu. Sukulu anasiyira Sitandade 7, koma asodzi amamutcha injiniya. Ine amene ndaphunzitsa fizikisi zaka makumi awiri amangonditcha aphunzitsi. Mawu ake ndi omwewo tsiku lililonse: "Chinthu usanachitsegule, uyambe wachimvera."

Mwana wanga Tamanda atabwera ku holide kuchokera ku koleji ya zamagetsi, anali ndi mayeso obwereza. Funso lomwe linamugwetsa linali ili: funde la wailesi limanyamula bwanji uthenga osasintha mphamvu kapena liwiro lake? Ndinamujambulira mafunde masiku atatu mpaka choko chinatha, koma sanamve kanthu.

Mnansiyo anatimva tikukangana kuseri kwa mpanda, n'kutiitana. Akazi ake ndi mlamu wake ankasinja mpunga, aliyense mtondo wake.

"Alamu, inu muzisinja osasintha," anatero. "Mayi, inunso mphamvu yomweyo, liwiro lomwelo, koma musi wanu nthawi zina ugwere limodzi ndi wawo, nthawi zina ugwere pakati." Kenako anatembenukira kwa Tamanda. "Tsinzina. Misi ikagwera limodzi, ndi ziro. Ikasemphana, ndi wani. Alamuwa ndi poyezera chabe, uthenga uli pa nthawi yogwera."

Tamanda anayamba kutchula manambalawo mokweza, uku akuseka.

Mayeso aja anakhoza. Atandiimbira foni, ndinakhala tsonga kudikira zikomo wanga.

"Ababa, tawapatsani foni a injiniya."

Ndinapita nayo ndekha, n'kuima pambali ngati munthu wodikira kutchajitsa.