Endres Molter ndi Mboni za Pansi pa Mwala

Bambo Kilian, wansembe wathu, atipempha kuti tilembe m'buku la parishi yathu ya Weidenrot moyo wa malemu Endres Molter, amene tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, m'chaka cha Ambuye 1471. Tavomera, ngakhale cholembera chikulemera m'manja.

A Endres anabadwira m'khumbi la abusa, kuseri kwa phiri limene pali linga la Grafu, mwini dziko lathu lino. Bambo awo ankaweta nkhosa za ku linga, ndipo anamwalira mwanayo asanayambe kuyenda. Mayi awo anawalera ndi buledi wakuda ndi kabichi wowawasa wa mu mbiya, nawaphunzitsa Atate Athu ndi Tikuoneni Maria. Maphunziro awo anathera pomwepo. Anakula ali munthu wamfupi, wamanyazi, ndipo pa Misa ankaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko pamene pamalowa mphepo. Kuimba sankakutha, komanso sankakusiya. Akangoyamba, amayi a kutsogolo ankatsinana.

Atakwatira Barbel Keck, anasankhidwa kukhala mmodzi wa Asanu ndi Awiri, amuna olumbira amene amadzala miyala ya malire. Pansi pa mwala uliwonse iwo amakwirirapo tinthu totchedwa mboni. Kuti tinthuto n'chiyani, n'tingati, nanga timayalidwa bwanji, amadziwa okhawo. Amalumbira dzanja lili pa Uthenga Wabwino kuti sadzauza mkazi, wansembe, ngakhale Grafu amene, koma yekhayo wodzalowa m'malo mwawo. Barbel ankayesa mwayi wake nthawi ya chakudya.

"Ndiuzeni kamodzi kokha, mwamuna wanga. Ndi fupa la nkhuku, eti?"

"Ndi lilime la mkazi wofunsafunsa," ankatero a Endres. "Ndiye usamale nalo lakolo."

Zaka zimenezo m'nyumba mwawo munkamveka phwete. Kenaka kunabwera mliri. M'miyezi iwiri unatenga ana awo onse awiri, unatenganso amuna asanu ndi mmodzi mwa olumbira aja. A Endres anatsala okha ndi chinsinsi cha miyala yonse ya m'dziko lino.

Chaka chotsatira mvula inavuta, msipu unasowa, ng'ombe zinatsala mafupa okhaokha. Dambo la kumtsinje linali logawidwa pakati, mbali ina ya mudzi, mbali ina ya Grafu, ndipo mbali ya Grafu ndiyo inali yobiriwira. M'mawa wina mwala wa padambopo unapezeka utayenda mapazi makumi anayi kulowa kwa Grafu. Mudzi wonse unaona, ndipo mudzi wonse unati mwalawo wakhala pomwepo chikhalire.

Grafu Volrad ankadziwa mtengo uliwonse wa m'dziko lake. Analamula kuti a Endres akakumbe pansi pa mwalawo, anthu onse alipo. Tsikulo lisanafike, Jobst Keck, mlongo wake wa Barbel, anawapeza akuwaza nkhuni.

"Mlamu, mwatsala nokha, palibe wokutsutsani. Mukangoti mboni zilipo, nkhani yatha, ana amwa mkaka."

"Nanga zikakhala kuti palibe?"

"Aa, inunso! Mulungu ali ndi nthawi yosuzumira m'kadzenje?"

"Za nthawi yake sindidziwa, mlamu. Koma ine ndisuzumiramo."

Mwa mwambo, wolumbira akamakumba aliyense amafulatira, ndipo ngakhale Grafu anatembenuza hatchi yake. A Endres anakumba nthawi yaitali kuposa mmene ntchitoyo imafunira. Pambuyo pake anauza wansembe kuti ankapemphera kuti apezemo kanthu, ngakhale kamodzi. Anapeza dothi ndi nyongolotsi basi. Anaimirira nati:

"Mboni palibe. Mwalawu si pake pano."

"Wausuntha ndani?" anafunsa Grafu. Onse ankadziwa lamulo: wosuntha mwala wa malire amadulidwa dzanja lamanja.

"Mbuye wanga, ine ndinalumbira za miyala. Za anthu sindinalumbire."

Grafu anafunsa katatu, yankho linali lomwelo. Atatopa, analanda dambo lonse, ndi mbali ya mudzi yomwe. M'nyengo yachisanu imeneyo ng'ombe zambiri zinaphedwa posowa udzu, ndipo mabanja awiri anasamuka.

Kuyambira pamenepo a Endres anasanduka mlendo m'mudzi wobadwira. Ankawatchula Yudasi wa Grafu. Akafika pachitsime, nkhani inkaduka. Grafu anawatumizira chikhoti cha ubweya wabwino, iwo anachibweza ku linga tsiku lomwelo, ndipo a ku linga nawo anati kankhalamba aka n'kodzimva. Barbel yekha ndiye ankakhala nawo pabenchi la pakhomo pawo, mpaka anamwalira patatha zaka zinayi. Jobst ananyamula nawo bokosi la mlongo wake, koma mlamu wakeyo sanamuyang'ane.

Zaka makumi awiri ndi zitatu zinatha chomwecho. Chisanu chikasungunuka, a Endres ankayenda malire onse okha, kupala ndere pa miyala, kuwongola imene yapendekeka. M'mudzi mukagwa maliro, dzenje linkapezeka lokumbakumba, ngakhale nthaka itauma gwa ndi chisanu. Ankasiya mitolo ya nkhuni pakhomo pa akazi amasiye. Ena ankazisonkha, ena ankaziponya mumsewu. Sanadandaulepo kwa munthu, kupatula kamodzi kwa Bambo Kilian.

"Kusungulumwa kumandipweteka, Bambo, ndisaname. Ndimacheza ndi mbuzi yanga, koma nayonso imandiyang'ana ngati ya m'mudzi muno."

Chimene chinkawadya kwambiri chinali chinsinsi chija. Mudzi unakana kusankha olumbira atsopano, poti palibe ankafuna kuika khutu lake pakamwa pa a Endres. Iwo ankadziwa kuti akafa nacho, miyala yonse idzatsala yopanda mboni, ndipo munda wa wosauka udzathera pamene wamphamvu waloza ndi chala. Chaka chilichonse pa tsiku la Martini Woyera, Misa ikatha, ankaima pachitseko chipewa chili m'manja n'kufunsa, "Kodi alipo woti alandire?" Ife tinkayang'ana nsapato zathu n'kudutsa.

Mwezi wathawu chifuwa chinawagoneka. Lamulungu masana Bambo Kilian anawapatsa Mgonero ndi kuwadzoza mafuta, kenaka anati, "Ndiuzeni ine, a Endres. Ndikusungirani."

"Inu munalumbira zina, Bambo. Sizingatheke."

Anagona akuyang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu. Sankaopa imfa. Ankalira kuti ntchito imene Mulungu anawasungitsa ikuthera m'manja mwawo.

Apo chitseko chinalira, ndipo analowa Jobst Keck, nayenso atakalamba, akutsamira ndodo. Anaima pakati pa nyumba ngati mwana woitanidwa kumlandu.

"Mlamu," anatero, "mwala uja ndinasuntha ndine."

"Ndinkadziwa. Ndani winanso m'mudzi muno amakwirira dzenje mwaulesi choncho?"

Jobst anafuna kuseka, koma chinatuluka ndi kulira. "Nanga bwanji simunanditchule? Ine ndi amene ndinayambitsa dzina lija la Yudasi!"

"Zimenezonso ndinkadziwa. Khala pansi, usandigwere. Wabwera kudzalira kapena kudzalandira?"

"Ine? Munthu wosuntha mwala?"

"Ndiwe wekha ukudziwa kulemera kwake. Bambo, bweretsani Buku."

Jobst anaika dzanja lamanja pa Uthenga Wabwino nalumbira. Bambo Kilian anafulatira n'kuyang'ana khoma monga mwa mwambo, ndipo kumbuyo kwawo ankangomva kunong'ona, kutsokomola, n'kunong'onanso. A Endres anamubwerezetsa Jobst katatu, mpaka anakhutira. Kenaka anapempha madzi, anamwa pang'ono, nati, "Tsopano ndapepukidwa." Anayamba Atate Athu ndi mawu awo osalongosoka aja, ndipo anapuma mumtendere dzuwa likadali pamwamba pa linga.

Bambo Kilian anatiuza kuti timalize ndi phunziro limene malemuwa atisiyira. Anatiphunzitsa kunena zoona ngakhale zitakulanda abale, ndi kusunga pakamwa ngakhale kulankhula kukanakubwezera ulemu. Koma ife amene tinkawafulatira pachitsime tilibe nkhope yolalikira zambiri. Kumanda tinapita mudzi wonse, mochedwa monga mmene tinachedwera pa zonse. Dothi lisanathiridwe, Jobst Keck anaima m'mphepete mwa dzenje, nakweza dzanja lake lamanja kuti aliyense alione.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndadyera dzanja ili, ndalimira, ndanyamulira zidzukulu," anatero. "Ndipo tsiku lililonse ndimalozera nalo munthu amene anandisiyira dzanjali."